Kodi kutulutsanso chimbale chakale pa chikumbutso chake kumagulitsadi nyimbo?

Funso: Ndimayang'anira gulu lina loimba kuno ku Zomba. Chimbale chathu choyamba, chomwe chinatuluka pa kaseti, chikwanitsa zaka 25 chaka chamawa. Ndimamva kuti anzathu akunja amati chimbale chikakwanitsa zaka zotere amachitulutsanso ndipo amapha nacho makwacha. Kodi malonda amakweradi, kapena ndi phokoso la otsatsa malonda chabe? Nanga ife tingayese?

Yankho: Bambo, malonda amakweradi, ndipo umboni wake ulipo wochuluka. Koma chimene chimakweza malondawo si chiwerengero cha zakacho. Palibe munthu amene amadzuka m'mawa n'kuwerengera zala kuti chimbale chakuti chakwanitsa zaka 25, ndiye ndikagule. Tsiku la chikumbutso lili ngati ng'oma yoitanira anthu pabwalo: imasonkhanitsa ndithu, koma anthu akafika n'kupeza kuti gule palibe, amabalalika nthawi yomweyo. Choncho funso lenileni ndi lakuti anthu akasonkhana muwapatsa chiyani, ndipo ndalama zimene angapereke zilowa m'thumba la yani.

Tiyambe ndi amene anaikhoza ntchitoyi kuposa onse, eni nyimbo za gulu la The Beatles la ku England. Chimbale chawo cha Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band chinatuluka mu 1967. Mu Meyi 2017, chitakwanitsa zaka 50, anachitulutsanso ndipo chinabwerera pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain, pomwe ku America chinafika pa nambala 3. Anachitanso chimodzimodzi ndi Abbey Road mu Sepitembala 2019, nachonso chinakhala pa nambala 1 ku Britain patadutsa zaka pafupifupi 50 chikhalireni pamalopo. Gululi linatha mu 1970, ndipo awiri mwa anayiwo anali atamwalira kalekale, koma linapitirira achinyamata amene nyimbo zawo zimamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku.

Taonani mmene anayendetsera za Abbey Road. Chithunzi cha pachikuto cha chimbalechi, pomwe anyamata anayi aja akuoloka msewu pamizere yoyera kutsogolo kwa situdiyo yawo ku London, chinajambulidwa pa 8 Ogasiti 1969. Eni ake anadikira 8 Ogasiti 2019, tsiku lomwe khamu la okonda gululi linakhamukira pamsewu womwewo kukajambulitsa, ndipo ndi tsiku limenelo pomwe analengeza kuti chimbalechi chikubweranso. Atolankhani anali kale pamalopo ndi makamera awo, nkhani inapita padziko lonse popanda kulipira nyuzipepala iliyonse. Kenako panali milungu isanu ndi iwiri yoti anthu aziitanitsiratu katunduyo asanafike m'sitolo. Kuitanitsiratu kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa zonse zimene anthu alipira m'milungu imeneyo zimawerengedwa ngati malonda a mlungu woyamba. Nambala 1 uja amakhala malonda a miyezi iwiri ataunjikidwa pa masiku asanu ndi awiri.

Chomwe anagulitsa sichinali chimbale chakale chija atangochisintha chikuto. Giles Martin, mwana wa George Martin yemwe anajambula nyimbozo poyamba, anabwerera ku matepi oyambirira n'kusakanizanso mawu ndi zida kuti zimveke bwino pa makina a lero. M'bokosi lalikulu munali ma CD atatu, Blu-ray imodzi ndi buku lachikuto cholimba la masamba 100. Munali nyimbo zimene anazijambula poyeserera, pomwe mukumva oimba akulakwitsa, akuseka, akuyambiranso. Munthu amene anali nacho kale chimbalecho kawiri kapena katatu anapeza chifukwa chogulira kachinayi. Ndipo anakonza mitundu ingapo, kuyambira CD imodzi yotchipa mpaka bokosi lodula, kuti aliyense agule molingana ndi thumba lake.

Apa ndiye pagona nkhani ya ndalama, ndipo ndi pomwe ambiri amasokonekera akaona mndandanda uja. Masiku ano anthu ambiri samagula chimbale, amangomvera pa Spotify, Apple Music, YouTube ndi ena otero. Pofuna kuyerekeza omvera ndi ogula, a magazini ya Billboard ku America anakhazikitsa muyezo. Kuyambira mu 2018, kwa zaka zingapo, nyimbo za m'chimbale zimayenera kumveredwa maulendo 1,250 ndi anthu olipira pamwezi, kapena maulendo 3,750 ndi omvera ulere, kuti ziwerengedwe ngati chimbale chimodzi chogulidwa. Werengerani nokha: anthu 10,000 okha akagula CD kapena mbale ya galamafoni mlungu umodzi, pa muyezo wa nthawiyo ankafanana ndi kumvera kwa olipira pamwezi maulendo 12.5 miliyoni. Ndiye gulu lakale lomwe lili ndi otsatira ochepa koma okhulupirika, azibambo ndi amayi a zaka za m'ma 50 ndi 60 omwe ali ndi kangachepe m'thumba, litha kukwera pamwamba mosavuta. Mlungu wotsatira ogula aja atha, chimbale chimatsika msanga. Kukwera kwake n'koona, koma n'kwa kanthawi, ndipo kumachokera kwa anthu ochepa ogula chinthu chodula, osati kwa unyinji.

Kubwerera kwa mbale za galamafoni kwathandizanso kwambiri malondawa. Bungwe la makampani a nyimbo ku America, RIAA, linapeza kuti mu 2022 mbalezi zinagulidwa zambiri kuposa ma CD kwa nthawi yoyamba chichokereni 1987, pafupifupi 41 miliyoni pomwe ma CD anali 33 miliyoni. Ogula mbale amafuna chinthu chogwirika, chachikuto chachikulu, choti aike pashelefu alendo aone. Chimbale cha chikumbutso chimawayenera bwino anthu oterewa.

Chitsanzo cha Michael Jackson chimaonetsa mmene msika wasinthira. Thriller inatuluka kumapeto kwa Novembala 1982. Ya zaka 25 inatuluka mu Febuluwale 2008, mochedwerapo ndi miyezi ingapo, ndipo palibe anadandaula, zomwe zikukuuzani kuti tsiku lenilenilo silivuta kwenikweni. Anaikamo oimba otchuka a nthawiyo monga Akon, Kanye West, Fergie ndi will.i.am kuti aimbenso zina mwa nyimbozo, pofuna kukopa achinyamata. Mlungu woyamba ku America inagulidwa makope pafupifupi 166,000. Chodabwitsa n'chakuti sinaoneke pa mndandanda waukulu wa Billboard 200, chifukwa lamulo la nthawiyo linkaletsa zimbale zakale kulowapo. Lamuloli linasinthidwa kumapeto kwa 2009. Ya zaka 40 itatuluka mu Novembala 2022, chimbalecho chinafika pa nambala 7 ndi chiwerengero cha pafupifupi 37,000 chokha, kuphatikiza ogula ndi omvera. Malo apamwamba, koma ogula ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Mukamva kuti chimbale chabwerera m'gulu la khumi apamwamba, musafulumire kuganiza kuti ndalama zake zikufanana ndi za masiku a makaseti ndi ma CD.

Nanga makampani amalimbikiranji, ngati kukwerako n'kwa mlungu umodzi kapena iwiri? Choyamba, katunduyu ndi wotchipa kupanga. Situdiyo inalipiridwa zaka makumi apitawo, dzina ndi lodziwika kale, palibe zoti mwina anthu sazikonda nyimbozo. Kutulutsa woimba watsopano kumadya ndalama zambiri ndipo ambiri sabweza. Chachiwiri, chomwe ine ndimachiona chachikulu, n'chakuti phindu lenileni lili m'kukumbutsa anthu. Ku America, nyimbo zomwe zapitirira miyezi 18 chitulukireni zimawerengedwa kuti ndi zakale, ndipo m'zaka zaposachedwapa nyimbo zoterezi zakhala zikutenga magawo opitirira 70 pa 100 aliwonse a zonse zimene anthu amamvera ndi kugula. Kampani yomwe ili ndi nkhokwe ya nyimbo zakale imadya tsiku lililonse, bola anthu asaziiwale. Chikumbutso chimabweretsa nkhani m'nyuzipepala, mapologalamu apadera pa wailesi, ndipo a Spotify ndi anzawo amaika chimbalecho patsamba loyamba ngati chatsopano. Mwana wa zaka 17 amene sanagule bokosi lija amamva nyimbo imodzi, n'kuisunga m'foni mwake, n'kumaimvera zaka zikubwerazo. Ndalama imeneyo imabwera pang'onopang'ono, siioneka pa mndandanda wa mlungu, koma siuma.

Palinso chifukwa china chomwe otsatsa malonda sachitchula, cha malamulo a umwini. Maiko a mu European Union anaonjezera zaka zotetezera nyimbo zojambulidwa kuchoka pa 50 kufika pa 70, koma nyimbo yomwe sinatulutsidwe mkati mwa zaka 50 chijambulireni imataya chitetezo chimenechi. Kumapeto kwa 2012, kampani ya Sony inatulutsa nyimbo za Bob Dylan zomwe zinangokhala m'nkhokwe chijambulireni mu 1962, ndipo inapanga makope pafupifupi 100 okha, n'kuwagulitsa m'masitolo ochepa a ku Ulaya. Cholinga sichinali malonda ayi, chinali kutseka chitseko kuti ena asadzazitulutse mwaulere. Mu Disembala 2013 eni nyimbo za The Beatles anachitanso zofanana, kuika pa iTunes, sitolo ya nyimbo ya pa intaneti, nyimbo 59 za mu 1963 popanda phokoso lililonse. Ndiye zina mwa zimbale zolembedwa kuti zaka 50 zimatuluka chifukwa loya wanena, osati chifukwa okonda nyimbo apempha.

Tsopano ndikuuzeni chimene chimandichititsa kukayikira akamanena kuti chikumbutso chokha ndicho chagulitsa. Gulu la Oasis linatulutsanso chimbale chake choyamba, Definitely Maybe, pa 30 Ogasiti 2024, chitakwanitsa zaka 30, ndipo chinafika pa nambala 1 ku Britain. Koma masiku atatu m'mbuyo mwake, abale awiri a m'gululi, Liam ndi Noel Gallagher, omwe anakhala zaka 15 atasemphana, anali atalengeza kuti agwirizananso ndipo adzaimba limodzi. Dziko lonse la Britain linali pa nkhani imeneyo. Mlungu womwewo zimbale zawo zina ziwiri, zomwe sizinatulutsidwenso n'komwe, zinalowanso m'gulu la zisanu zapamwamba. Apa chinagulitsa ndi chiyani, zaka 30 kapena kuyanjana kwa abale? Onaninso za Fleetwood Mac. Mu 2020 bambo wina ku America anadzijambula pa TikTok akuyenda pa skateboard, akumwa juwisi, nyimbo yawo ya Dreams ikumveka. Chimbale cha Rumours cha mu 1977 chinabwerera m'gulu la khumi apamwamba ku America popanda bokosi, popanda chikumbutso, popanda tambala yotsatsira. Kate Bush naye, nyimbo yake ya mu 1985 inafika pa nambala 1 ku Britain mu 2022 itangomveka mu sewero la pa Netflix la Stranger Things. Chimene chimadzutsa nyimbo yakale ndi nkhani yoti anthu azikambirana. Ubwino wa chikumbutso ndi umodzi wokha: mwa zinthu zonsezi, ndicho chokha chimene mungachikonzekere pa kalendala.

N'chifukwa chake amene amachita bwino amamangirira chimbalecho ku nkhani. Graceland ya Paul Simon, yomwe mbali yake inajambulidwa ku Johannesburg ndipo inatchukitsa Ladysmith Black Mambazo padziko lonse, inatuluka mu 1986. Poitulutsanso mu 2012 anaiphatikiza ndi filimu ya Under African Skies, yomwe sinabise mkangano wakale woti woimbayu anaphwanya chiletso chomwe chinaikidwa pa zachikhalidwe pofuna kukhaulitsa boma la tsankho la South Africa. Mufilimumo Paul Simon amakhala pansi ndi Dali Tambo, mmodzi mwa amene ankamudzudzula pa nkhaniyi, n'kukambirana za mkanganowo maso ndi maso. Anachititsanso zoimbaimba ndi oimba omwe anali nawo poyamba. Nyuzipepala zinapeza cholemba choposa kungonena kuti chimbale chakalamba.

Zolakwika ziliponso. Kukhala ngati zaka zisanu zilizonse mukutulutsanso chimbale chomwecho kumatopetsa ngakhale okukondani kwambiri, ndipo amayamba kuona kuti mukungowakama. Ena pokonzanso mamvekedwe amakweza mawu mopitirira muyezo mpaka nyimbo imataya kukoma kwake, ogula n'kumanena kuti yakale ija inali bwino. Ena amadzaza bokosi ndi zotsalira zomwe woimba mwini anazikana pazifukwa zomveka.

Tibwere kwa inu tsopano. Njira ya bokosi lodula ija musaitengere, chifukwa imadalira zinthu zomwe kuno n'zosowa: ogula ambiri okhala ndi makina oimbira mbale kapena CD, masitolo ogulitsa, ndi mndandanda wa mlungu ndi mlungu womwe ukhoza kusandutsa malonda kukhala nkhani. Kuno nyimbo ikatuluka m'mawa, pofika madzulo imakhala ili pa WhatsApp, ndipo anyamata a pamsika akuiika kale m'mamemore khadi a anthu. Spotify inafika m'Malawi mu 2021, koma mtengo wa bandulo umapangitsa ambiri kukonda kusunga nyimbo m'foni kusiyana ndi kumvera pa intaneti nthawi zonse. Mukadalira kugulitsa makope okha, mudzalira.

Musanaganize za chikuto kapena tsiku, yambani mwafufuza zinthu ziwiri. Choyamba, tepi yoyambirira ija, yomwe ku situdiyo amati masitala, ili kuti? Magulu ambiri a nthawi ya makaseti anaisiya ku situdiyo kapena anaipereka kwa wogulitsa amene ankachulukitsa makope, ndipo sanaifunsenso. Matepi amaonongeka ndi chinyezi, kutentha ndi nkhungu. Ngakhale makampani akuluakulu zinawaonekera: moto womwe unabuka ku Universal Studios ku California mu 2008 unapsereza matepi oyambirira ochuluka zedi. Mukaipeza yanu, musaiike m'wailesi yakunyumba kuti muyese ngati ikulira, chifukwa tepi yokalamba itha kudukira momwemo. Pitani nayo kwa katswiri wa situdiyo aikopere pa kompyuta kamodzi, mosamala. Ikasowa, funani kaseti yomwe sinaimbidwe kwambiri kwa okukondani akale. Katswiri atha kuchotsa phokoso lina, ngakhale sizingafike pa masitala.

Chachiwiri, mwini wake wa zojambulidwazo ndi ndani? Wopeka nyimbo ali ndi umwini wake, amene analipira situdiyo athanso kukhala ndi wake, ndipo ngati munasainirana pepala ndi wogulitsa zaka 25 zapitazo, lifuneni muliwerenge. Anzanu amene munaimba nawo, ena anachoka m'gulu, ena mwina anatisiya ndipo pali amasiye awo. Khalani nawo pansi mugwirizane za kagawidwe, mulembe, aliyense asaine, ndalama isanaoneke. Zikayamba kulowa mudzapeza achibale omwe simunawaonepo. Pitaninso ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo kuno ku Malawi, mukaonetsetse kuti nyimbo iliyonse inalembetsedwa m'maina oyenera, kuti mawailesi akayamba kuziimbanso chifukwa cha chikumbutsocho, gawo lanu lidziwike kolowera. Ndikunenetsa pamenepa chifukwa chikumbutso chimapindulira mwini nyimbo pa pepala, osati amene anatuluka thukuta pa maikolofoni.

Zimenezi zikakonzeka, ndalama yanu yeniyeni ili pakhomo la holo. Ife kuno tili kale ndi mwambo wa chikumbutso womwe umakoka anthu: onani khamu lomwe limasonkhana ku Chileka chaka ndi chaka kukumbukira Evison Matafale, yemwe anamwalira mu Novembala 2001. Konzani phwando la maimbidwe lomwe mudzaimbe chimbale chonsecho kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, m'ndondomeko yomwe zinalili pa kaseti, mbali A kenako mbali B. Amene anakula nacho amadziwa nyimbo yotsatira isanayambe, ndipo chimenecho n'chomwe amalipirira. Itanani amene anaimba nanu poyamba, ngakhale amene munasiyana mokangana. Mwaona kale zomwe kuyanjana kunachitira Oasis. Pakhomo pomwepo gulitsani ma CD ochepa osainidwa, mafulashi, malaya, ndi kabuku ka zithunzi zakale kofotokoza mmene nyimbo iliyonse inapekedwera. Pangani zochepa zoti zithe, osati zambiri zoti zikaunjikane kuchipinda. Lolani anthu alipiriretu pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti mudziwe chiwerengero musanapite kosindikiza.

Pa intaneti ikanipo ndithu chimbalecho, chomveka bwino, maina a opeka ndi oimba atalembedwa molondola. Kumeneko omvera anu odalirika ndi a Malawi okhala ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Britain ndi kwina, omwe intaneti siwavuta ndipo amalakalaka za kumudzi. Ngati mukufuna kukopa achinyamata, sankhani nyimbo imodzi kapena ziwiri muimbenso ndi woimba wa masiku ano, koma zoyambirirazo muzisiye mmene zilili, zikhale pambali pake. Mawailesi apatseni nkhani, osati nyimbo zokha: ndani anabwereketsa gitala, munayenda bwanji kupita ku situdiyo, nyimbo iti inatsala pang'ono kusiyidwa. Yambani kutulutsa zimenezi pang'onopang'ono miyezi iwiri tsikulo lisanafike.

Za ogula akunja musazichotsere m'maganizo, ngakhale si za aliyense. Gulu la WITCH la ku Zambia linatchuka m'zaka za m'ma 1970 kenako n'kuzimiririka. Kampani ya Now-Again ya ku America itatulutsanso nyimbo zawo m'bokosi mu 2012, mtsogoleri wawo Jagari Chanda anabwerera pa nsanja, anayamba kuimba ku Ulaya ndi ku America, ndipo mu 2023 gululi linatulutsa chimbale chatsopano. Sipanali chikumbutso cha zaka zakutizakuti pamenepo, panali nyimbo zabwino zomwe anthu atsopano anali asanazimve. Makampani oterewa akabwera, mafunso awo oyamba amakhala omwe aja: tepi ili kuti, ndipo tisainirane ndi yani. Akakupatsani pepala, onetsetsani kuti mukuwabwereka nyimbozo kwa zaka zowerengeka, osati kuwagulitsa mpaka kalekale, ndipo musasaine loya wanu asanaliwerenge.